John Chilembwe ndi Kalata Yake ya Asilikali

Anzanga ambiri pasukulu pano mukawafunsa za John Chilembwe ayankha msanga kuti ndiye mbusa uja wa ku Chiradzulu amene anaukira Azungu m'chaka cha 1915, ndi kuti nkhope yake ili pa ndalama. Ena aonjezapo kuti pa 15 Januwale sitilowa m'kalasi chifukwa cha iye, ndipo ndiyesa kuti mbali imeneyi ndiyo aikonda koposa. Izi n'zoona ndithu. Koma ine ndifuna kusimba moyo wake maso anga ali pa chinthu china chimene sitichitchula kawirikawiri, ndicho kalata imene analembera nyuzipepala ya ku Blantyre kutatsala miyezi iwiri kuti kuukira kuja kuchitike. Inali kalata yolankhulira asilikali wamba, anyamata a m'midzi amene anali kufa kumpoto kwa dziko lino popanda munthu wowafunsa za kumtima kwawo. Ife a ku Mulanje nkhaniyi itikhudza kuposa ena, pakuti munthuyu anafera kunsi kwa phiri lathu lomweli, ndipo mafupa ake ali m'dothi limene tiliponda.

Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 m'dera la Chiradzulu. Atate ake anali Myao, amake Mmang'anja. Anakula m'masiku oipa, pamene anthu anali kugwidwa ndi kugulitsidwa ukapolo, ndipo anali mnyamata wamkulu kale pamene Angerezi anakhazikitsa Boma lawo m'dziko muno mu 1891. Chaka chotsatira kunafika Mzungu wina wa mishoni dzina lake Joseph Booth, wa ku England koma wodzera ku Australia, namanga mishoni yake pa Mitsidi pafupi ndi Blantyre. Chilembwe anakapempha ntchito kwa iye, nalembedwa ya m'nyumba. Mwana wamkazi wa Booth, Emily, anali kudwala malungo kawirikawiri atate ake ali paulendo, ndipo amene anali kumsamala ndi Chilembwe. Mtsikanayo atakula analemba buku m'mene anamkumbukira ndi chikondi. Booth anali Mzungu wosiyana ndi anzake. Anali kulipira antchito ake ndalama zochuluka kuposa a m'minda ya khofi, nanena poyera kuti dziko la Africa liyenera kukhala la eni ake, kotero kuti Azungu anzake ndi Boma lomwe anamuda. Iyeyu ndiye anabatiza Chilembwe mu 1893, ndipo mu 1897 anapita naye ku America.

Kumeneko mpingo wa Baptist wa anthu akuda unamlandira, numtumiza ku sukulu ya ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Apa ndifuna tiime pang'ono, chifukwa m'kalasi zaka zitatu zimenezi tizilumpha msanga. Mu 1898, Chilembwe ali pa sukulupo, dziko la America linamenyana ndi Spain, ndipo magulu a asilikali akuda anatumizidwa kukamenya nkhondo pa chilumba cha Cuba. Anamenya molimba mtima, koma ulemu waukulu m'nyuzipepala za Azungu unapita kwa ena. Tsono asilikaliwo anali kudzilembera okha makalata ali kumisasa ndi kubwalo la nkhondo, natumiza ku nyuzipepala za anthu akuda anzawo, monga Richmond Planet ya m'Virginia momwemo. M'makalatamo anali kusimba za malungo, za chakudya choipa, za anzawo amene anafa, ndi za chipongwe chimene anali kulandira kwa anthu omwewo amene anali kuwamenyera nkhondo. Anthu akuda a ku America anatsutsana kwambiri chaka chimenecho: kodi n'koyenera kufera mbendera ya dziko limene likukaniza kuvota, kumene mbale wako apachikidwa pamtengo mlandu wake usanazengedwe? Ine ndiyesa kuti mnyamata wa ku Chiradzulu anabwera nalo funso limeneli pamodzi ndi Baibulo lake.

Anabwerera kwawo mu 1900 ali mbusa wodzozedwa, nayamba Providence Industrial Mission pa Mbombwe. Anthu awiri akuda a ku America, Mbusa Landon Cheek ndi Mayi Emma DeLany, anadzamthandiza kufikira 1906. Za ntchito ya pa mishoniyo zalembedwa zambiri, ndipo sindichulutsa mawu. Kunali sukulu m'midzi, amayi anali kuphunzira kusoka kwa mkazi wake Ida, kunali minda ya khofi ndi thonje, ndi tchalitchi lalikulu la njerwa limene linatha mu 1913. Anafuna kuti anthu ake avale bwino, aleke mowa, adziwe kuwerenga, ndi kuima chilili pamaso pa Mzungu. Masiku amenewo munthu wakuda anayenera kuvula chipewa akakumana ndi Mzungu panjira, koma pa chithunzi chake chotchuka cha 1914 Chilembwe waima pafupi ndi Mzungu wa mishoni, John Chorley, chipewa chili kumutu.

Pamene iye anali kuumba njerwa pa Mbombwe, Boma linali kuumba gulu la nkhondo ku Zomba. Mu 1902 gululo linatchedwa King's African Rifles, dzina limene makolo athu analifupikitsa kuti Keyala. Asilikali a dziko lino, ambiri a iwo Ayao masiku oyambawo, anatchuka msanga kuti ngolimba, ndipo kutchuka kumeneko kunawapweteka, chifukwa Angerezi anayamba kuwatumiza kulikonse kumene kwabuka moto. Mu 1900 anali atawoloka kale nyanja kukamenyana ndi Aashanti m'dziko limene lero ndi Ghana. Kenaka anapita ku Somaliland, dziko louma la minga ndi ngamila, kukasaka mtsogoleri wina wa Asomali, Mohammed Abdullah Hassan. Mu Epulo 1903, pa malo otchedwa Gumburu, gulu lina linazingidwa, zipolopolo zinatha, ndipo akuluakulu ake onse achizungu anaphedwa pamodzi ndi asilikali a kuno ochuluka. Maina a Azunguwo anamveka ku London. Ku midzi ya kuno kunatsala akazi amasiye ndi ana. Chilembwe anadandaula za maulendo amenewa kale, nkhondo yaikulu isanayambe.

Mavuto ena anali pakhomo penipeni. Mishoni yake inayandikana ndi minda yaikulu ya A. L. Bruce ku Magomero, imene woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Anthu okhala pa minda imeneyo, ambiri a iwo Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi, anali kugwira thangata, ndiyo ntchito yolipirira malo okhalapo ndi msonkho. Mwezi wa thangata unali kutalika monga afunira mwini munda, ndipo chikoti sichinali patali. Matchalitchi a udzu amene anthu a Chilembwe anamanga pa mindayo anatenthedwa. Mu 1912 ndi 1913 kunagwa njala. Iye mwini anali ndi ngongole, mphumu inali kumsautsa, ndi maso ake anali kufooka pang'onopang'ono. Munthu wotere ndiye amene nkhondo ya 1914 inampeza.

Nkhondoyo inayambira ku Ulaya, koma kuno sinachedwe kufika, chifukwa dziko limene lero ndi Tanzania linali m'manja mwa Ajeremani. Pa 13 Ogasiti sitima ya Boma yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda pa doko la Liuli tsidya lija la nyanja. Pa 9 Sepitembala kunachitika nkhondo ya ku Karonga. Gulu lalikulu la Keyala linali litatuluka kukachingamira adani, koma magulu awiriwo anaphonyana m'tchire, ndipo Ajeremani anafika pa boma la Karonga napeza anthu owerengeka okha ali kulilonda. Owerengekawo anapirira maola angapo kufikira thandizo linafika, ndipo tsiku lomwelo anamenyananso pa Kasoa, Ajeremani nabwerera kwawo. Angerezi anakondwa kuti apambana. Koma tikawerenga mitembo, mbali zonse ziwiri ochuluka anali anthu akuda. Mnyamata wa ku Zomba anaombera mnyamata wa kutsidya kwa Songwe amene sanalakwirane naye kanthu, chifukwa chakuti mafumu a ku Ulaya ayambana.

Nyuzipepala imene inalipo masiku amenewo inali Nyasaland Times, yosindikizidwa ku Blantyre m'Chingerezi, kholo lake la Daily Times ya lero. Inali ya Azungu a m'minda ndi a m'masitolo, ndipo inali kulemba zimene iwowo afuna kuwerenga. Panalibe mtolankhani wopita kukagona pamodzi ndi asilikali akuda kuti amve chimene adya ndi chimene aopa. Asilikaliwo ambiri sanadziwe kulemba, ndipo odziwa analibe nyuzipepala yawo monga anali nayo anzawo a ku Virginia aja. Tsono Chilembwe, amene ku Karonga sanapiteko ndipo yunifolomu sanavalepo, anatenga cholembera nawalembera iye.

Mutu wa kalatayo unanena kuti awa ndi mawu a eni dziko pa nkhondo imene ilipo, ndipo pansi pake anasaina m'malo mwa anthu a mtundu wake. Anayamba ndi zimene zinali kuoneka ndi maso: ena afa kale, ena alemala moyo wawo wonse, ndipo apolisi ali kuyendayenda m'midzi kukopa amuna amphamvu kuti akalembedwe, amunawo navala yunifolomu osadziwa chimene akakumana nacho kapena chifukwa chake. Kenaka anakumbutsa Boma kuti anthu a dziko lino sanakanepo kuima patsogolo m'nkhondo zake zonse, koma mtendere ukabwera aiwalika, zabwino zonse nizikhala za Azungu okha, ndipo akumbukiridwanso pokhapokha magazi akafunika. Anafunsa ngati nkhondo ikadzatha munthu wakuda adzayesedwa kanthu. Mbali imene inaluma koposa ndi pamene anatchula anthu oyenera kupita kukaomberedwa ngati nkhondoyo ili ya chuma ndi ulemu, ndiwo eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda. Kumbukirani kuti amenewa ndiwo anali kugula nyuzipepalayo! Ananena kuti mmphawi alibe chake chakuti achiteteze, ndipo akafa chimene asiya ndi mkazi ndi ana osowa pogwira. Potsiriza sanaopseze munthu. Anasiya nkhaniyo m'manja mwa Boma, nayembekeza kuti Mulungu adzaongola zinthu tsiku lina.

Ndaiwerenga kalatayi kawiri m'buku limene aphunzitsi athu a mbiri anandibwereka, ndipo chimene chinandidabwitsa ndi kufatsa kwake. Ndinayembekeza moto, koma ndinapeza munthu wodandaula mwaulemu monga achitira mkulu pabwalo la milandu. Chingerezi chake chitsimphina apa ndi apo, ndipo aphunzitsi athu a Chingerezi akanachilemba mizere yofiira, koma funso lake lilunjika. Boma likanatha kumuyankha, ngakhale ndi mawu okana. Silinatero. Kalatayo inalowadi m'nyuzipepala kumapeto kwa Novembala, koma mkulu woyang'anira zosindikizidwa pa nthawi ya nkhondo analamula kuti ichotsedwe, kotero kuti anthu ambiri sanaione. Ndipo Bwanamkubwa George Smith anayamba kukonza zomchotsa Chilembwe m'dziko muno ndi kumtumiza ku chilumba chakutali.

Kuti timvetse chimene chinatayika pamenepo, tiyang'ane pang'ono munthu wina amene anagwira ntchito yonga yomweyi patapita zaka 30, koma dziko lake linamumvera. Ernie Pyle anali mwana wa mlimi wa ku Indiana, ku America, wobadwa mu 1900, kamunthu koonda. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, atolankhani ambiri ali kutsata akazembe ndi mapu awo, iye anapita kukagona m'matope ndi asilikali oyenda pansi, kumpoto kwa Africa, ku Sicily, ku Italy ndi ku France. Anali kulemba za mapazi otupa, za kuzizira, za kutopa kumene kusandutsa mnyamata kukhala nkhalamba, ndi za nyulu zotsitsa mitembo paphiri usiku. Msilikali amene wamtchula anali kumlemba dzina ndi mudzi wa kwawo, kotero kuti mayi anatha kutsegula nyuzipepala napezamo mwana wake. Nkhani zake zinali kutuluka m'nyuzipepala mazanamazana. Mu 1944 analemba kuti msilikali wa kutsogolo ayenera kulandira ndalama yapadera monga anali kulandira a m'ndege, ndipo nyumba ya malamulo inavomera madola 10 pamwezi. Chaka chomwecho analandira mphotho ya Pulitzer. Anaphedwa ndi chipolopolo cha Ajapani pa 18 Epulo 1945 pa kachilumba ka Ie Shima, asilikali namuimikira chikumbutso pamalo pomwepo. Sindinena kuti anthu awiriwa afanana m'zonse, pakuti Pyle anaona nkhondo ndi maso ake ndipo sanatsutse kuti imenyedwe. Koma onse awiri analembera munthu wamba amene asenza nkhondo pamutu, ndipo wina anapatsidwa mphotho, wina anafafanizidwa patsamba.

Tibwerere ku Mbombwe. Kalata itakanika, pa mishoni panayamba misonkhano yachinsinsi. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 magulu anatuluka. Ku minda ya Bruce anapha Azungu atatu, Livingstone, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, koma akazi ndi ana sanawapweteke, monga Chilembwe analamulira. Gulu lina linapita ku Blantyre kukathyola nyumba ya mfuti ya ku Mandala, koma linabwerako ndi mfuti zochepa. Ku Ntcheu, kumene Filipo Chinyama anayenera kuyamba, ndi kuno ku Mulanje, zinthu sizinayende. M'mawa mwake, Lamulungu, Chilembwe analalikira m'tchalitchi lake mutu wa Livingstone uli pamtengo. Kunena zoona, mbali iyi ya nkhani sindiikonda, ndipo sindiyesa kuibisa kapena kuikometsa. Munthu amene analira chifukwa cha amasiye a ku Karonga anapanganso amasiye ena ku Magomero. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi inatenthedwa, ndipo tsiku lomwelo asilikali a Keyala ndi Azungu odzipereka analowa m'Mbombwe napeza anthu atathawa. Tchalitchi lija la njerwa, limene linali lisanathe zaka ziwiri, analiphwasula ndi mabomba.

Chilembwe anathawira kum'mawa, kulinga kumalire a Apwitikizi, njira imene Alomwe ambiri anadzera pobwera kuno. Pa 3 Febuluwale apolisi a boma la Mulanje anampeza m'tchire cha ku Migowi, kumene lero kuli m'boma la Phalombe koma masiku amenewo kunali Mulanje yemweyu, namuombera. Apolisiwo anali anthu akuda ovala yunifolomu ya Boma, anthu onga omwe aja anawalembera kalata mu Novembala. Mtembo anaunyamula kudza nawo pa boma, akuluakulu nauzindikira, nauika mobisa popanda chizindikiro. Chifukwa cha kubisako ambiri sanakhulupirire kuti wafa, ndipo zaka zambiri m'midzi munamveka kuti anapulumuka. Ife tikapatsidwa chilolezo Loweruka kupita pa Chitakale kukagula sopo ndi chinangwa, tiyenda m'dera limenelo osaliganizira n'komwe.

Otsatira ake pafupifupi 40 anaphedwa mwa lamulo la Boma, ndi ena pafupifupi 300 anaikidwa m'ndende. Mishoni inatsekedwa kufikira 1926, pamene Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso. Koma chimene kalata ija inanena chinali chitangoyamba kumene. Nkhondo inapitirira kufikira Novembala 1918, ndipo dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Amtengatenga ndiwo anali kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu kudutsa mapiri ndi madambo kumene galimoto silikanapita, ndipo ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo, osaona mdani ndi kamodzi komwe. Makolo anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolira motsatizana ngati chimanga chokazinga. Agogo anga aakazi anandiuza kuti agogo awo aamuna anatengedwa mtengatenga ali kumunda, khasu nalisiya pamzere. Sanabwerere, ndipo kalata sinabwere. Chimene chinatsala ndi dzina lawo, limene lakhala likupatsidwa kwa ana m'banja mwathu, ndipo tsopano lili pa ine.

Kalata ya Chilembwe inadzaonekanso mwa njira yodabwitsa. Pa nkhondo yachiwiri, nthawi yomwe Ernie Pyle anali kulemba za anyamata a ku America, anyamata a dziko lino anali kumenyana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma. Pakati pawo panali Mngerezi wachinyamata, George Shepperson, amene anaikidwa kukhala mmodzi wa akuluakulu awo. Anaphunzira chinenero chathu kwa asilikaliwo, ndipo nkhondo itatha sanaliiwale dziko lawo. Atakhala mphunzitsi wa mbiri ku yunivesite ya Edinburgh, iye ndi mnzake Thomas Price anafufuza moyo wa Chilembwe zaka zambiri, nalemba buku lalikulu lotchedwa Independent African, limene linatuluka mu 1958. M'bukumo anasindikiza kalata ija, patapita zaka 44 chiichotsereni m'nyuzipepala ya ku Blantyre.